Mkamwini Wokonda Luni

Chipinda chimene alamu ankagonamo chinali changa. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi ku mjigo amayambira pakati, pa masamba, ngati ine ndinangodzuka tsiku lina n'kuganiza zozunza mwamuna wa achemwali anga popanda chifukwa.

Kanali kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yaikulu, kamalata, kokhala ndi zenera lagalasi ndi chitseko cha loko. Abambo anakamanga asanapite ku Joni, ndipo ananena pamaso pa tonse kuti n'ka mwana amene adzasankhidwe kupita ku sekondale. Wosankhidwayo ndinali ine. Ndinaikamo tebulo, ndinamata mapu pakhoma, kiyi ndinkayenda naye m'khosi. Mwana aliyense wofuna kulowamo ankayamba wagogoda.

Kenako achemwali anakwatiwa. Mwamuna wawo anali wa ku Lilongwe, wokonza mafoni, wa nsapato zosongoka zimene zinkamira mumchenga wa ku Senga Bay mpaka m'kakolo. Kwathu mwamuna ndi amene amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo amayenera kumanga nyumba yake. Ankhoswe anagwirizana kuti alamu ayambe agona m'kanyumba kanga kwa kanthawi, uku akuumba njerwa. Ine palibe anandifunsa. Anangonyamula mphasa yanga n'kukaiyala m'chipinda chimene amayi amasungiramo usipa wouma wogulitsa, pakati pa matumba. Fungo la usipa likalowa mu yunifomu silituluka ndi sopo. M'kalasi anzanga anayamba kusiya mpata pa benchi, ndipo amphaka a m'mudzi ankandiperekeza mpaka kumsewu.

Chilimwe chonse chinatha, njerwa ngakhale imodzi osaoneka. Chifukwa chake ndinkachiona ndi maso anga tsiku ndi tsiku, pakuti ndine ndinkanyamula mbale. Lero kampango, mawa chambo, mkuja mcheni wootcha. Amayi ankasankha nsomba ya mkamwini asanagulitse kanthu. Alamu ankadya, n'kumasula lamba, n'kugona pakhonde langa miyendo ili pa mpando wanga. Munthu wodya mutu wa kampango masana alionse angaponde dothi la njerwa? Mvula itayamba kugwa ndinakhala pansi pakati pa matumba aja n'kuganiza. Zikapitirira chonchi, mvula idzatha, chilimwe china chidzadutsa, ndipo mayeso a Fomu 4 ndidzalemba ntchentche zili pamutu.

Tsono pali chinthu china chimene muyenera kudziwa. Amayi anakulira kumtunda, m'midzi ya kufupi ndi nkhalango ya Kuti, ndipo mwambo amaugwira ndi manja awiri. Kwa iwo mpongozi ndi mkamwini sayang'anana nkhope, sadyera pamodzi, salankhulana maso ndi maso. Ambiri kunyanja kuno anazisiya zimenezo, koma osati amayi. Alamu nawo, ku Lilongwe kwawoko sankazidziwa, koma amalume awo anawaopseza asanabwere kuti akakalakwitsa adzabwezedwa ndi chikwama chawo. Ndiye iwo anachita kuonjeza. Akamva chifuwa cha amayi panjira ankadumphira patchire. Tsiku lina anabisala kumbuyo kwa wakabaza, munthu wamkulu ndithu, atagwira kaliyala.

Anthu awiri osalankhulana, okhala bwalo limodzi, amafuna wowatumikira mawu. Achemwali ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina, ankachoka m'mamawa, kudya komweko, kubwera atatheratu. Ana enawo anali aang'ono. Wotsala ndinali ine.

Ndinakumbukira mawu amene alamu ananena masiku a ukwati, akudzitama kwa azibambo pansi pa mtengo. Ankati anthu a m'tauni atopa ndi zamafuta, amasirira ndiwo zakutchire, zachilengedwe. Ankanena zimenezo atagwira mchira wa chambo. Mawuwo ndinali nditawasunga, ndipo tsopano nthawi yake inakwana.

Ndinawapeza amayi akupala nsomba kuseri kwa khitchini.

"Amayi, alamu andituma, koma akuti akuchita manyazi."

"Manyazi a chiyani? Mchere unachepa?"

"Ayi. Akuti nsomba zawakola. Akuti mtima wawo uli pa luni."

Amayi anaimitsa mpeni. "Luni? Munthu wa m'tauni?"

"Akuti agogo awo ankawaphikira ali mwana. Akangomuona m'mbali mwa njira misozi imalengeza."

"Ndiye osanena bwanji masiku onsewa?"

"Akuopa kuti muziti mkamwini wake ndi wovuta."

Amayi anapukusa mutu, koma ndinaona kuti zawakhudza. Anapukuta manja, n'kutenga lichero.

Kwa amene simuudziwa luni, ndi kachitsamba ka masamba onga zala za dzanja, ka maluwa oyera, komera pamene panali khola kapena dzala. Ndi ndiwo yabwino ndithu ukaiphika mwaulemu. Umataya madzi oyamba, umasakaniza ndi bonongwe kuti aphe ukali, umatsira nsinjiro. Amayi anayamba kuchita zomwezo, ine n'kuwagwira mkono.

"Akuti musataye madziwo, ndi mmene muli mavitamini. Bonongwe ayi, nsinjiro zimawatupitsa m'mimba. Mchere basi."

"Adya zimenezi?"

"Akuti kuwawako ndiye kukoma kwake."

Ndinanyamula mbale kupita pakhonde langa lija. Alamu anali atasamba kale m'manja, akumwetulira.

"Wabwera mkazi wanga wamng'ono. Lero watiphera chiyani?"

Ankandiitana choncho, monga amachitira alamu onse akafuna kuseka. Ndinagwada bwinobwino, n'kuvundukula mbale. Anayang'ana zobiriwirazo, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga ngati kukubwera mbale ina.

"Nsomba sizinaphedwe lero?"

"Zaphedwa. Koma amayi akuti mwakhalitsa tsopano, si inunso mlendo. Kwathu kuno mlendo ndi amene amapatsidwa nsomba. Mkamwini akalowa mumtima mwa apongozi ake, amamuthyolera luni ndi manja awo."

"Eti?"

"Ena amatha zaka osamulawa. Amuna a azakhali anafa asanapatsidwe."

Ananyema mbamu, n'kutapa, n'kuika m'kamwa. Ndaonapo nkhope zambiri pa moyo wanga, ya mphunzitsi wa masamu atakhalira mphira wotafuna ndinaiona, koma iyi inali ina. Diso limodzi linatsinzina lokha. Khosi linatalika. Anameza ngati akumeza mwala.

"Mbale ikabwerera ndi zotsala," ndinatero motsitsa mawu, "ndiye kuti mwakana banja lonse."

Anamaliza psiti. Anamwa madzi kapu yonse, n'kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Ukawathokoze amayi. Ukanene kuti zakoma kwambiri."

Uthenga umenewo ndinaufikitsa wonse, osachotsapo kanthu. Ndinaonjezeranso kuti mpaka analira. Linali bodza ngati? Kampango wa tsikulo tinadya ine ndi ana, mutu unali wanga.

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda yokha. Dzinja kwathu tchire lonse ndi ndiwo, ungofunika kudziwa poyang'ana. Luni akasowa, ndinkati alamu afunsa za mnadzi, uja wa tizipatso takuda, wowawa mozemba, umayamba bwino n'kukutsata pakhosi. Mnadzi ukatha ndinkati alota chisoso, ndipo pothyola ndinkasankha chokhwima, chimene chayamba kale kuchita maluwa, chonunkhira ngati mankhwala a chifuwa. Loweruka ndinkapita ndi amayi kudambo, dengu pamutu, ndipo ndisaname, maulendo amenewo ankandikomera. Amayi akalowa m'tchire amasanduka mtsikana. Amadziwa kuti denje amakonda m'mphepete mwa madzi oima, kuti chewe wa maluwa ofiirira amamera pamchenga pomwe china chilichonse chakana, kuti bonongwe wa minga umamuthyola nsonga zokha. Amathyola uku akung'ung'udza.

"Anzanga akamwini awo amapempha nyama. Wangayu akundiyendetsa m'matope ngati mbuzi."

"Ndi chikondi, amayi."

"Chikondi chakecho chindithyola mawondo."

Tsiku la therere la denje silidzachoka m'mutu mwanga. Amayi analiphika ndi chidulo, madzi aja osefa m'phulusa, mpaka linachita kunanda. Therere lili ndi kadyedwe kake, umatapa n'kupotoza dzanja msanga kuti ulusi uduke. Alamu sankadziwa. Anatapa n'kukweza, ulusi n'kuwatsatira. Anakweza kwambiri, ulusi osaduka. Anaimirira. Pamapeto pake unadukira pa foni ya msodzi wina imene inali yotsegula pa tebulo, tizitsulo tonse tili pamtunda. Anakhala masana onse akuipukuta ndi kaburashi, ndipo mwini wake atabwera anainunkhiza n'kufunsa ngati masiku ano mafoni akuwathira soda.

Pali anthu amanena kuti ndikanatha kumupha munthu. Amenewo sadziwa kanthu. Chilichonse chimene alamu anadya ndi ndiwo imene anthu akhala akudya kuyambira kale, ndipo a zaumoyo akabwera kusukulu amatiuza kuti tizidya zomwezo. Zoopsa ndimazidziwa. Utomoni wa nkhadze umachititsa khungu, nthula sadya, ndipo chitedze, nyemba zoyabwa zija, ndinkasungira anyamata a Fomu 4 okonda kukhala pa desiki langa. Alamu ndinkawapatsa thanzi lokhalokha.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanawauze akazi awo. Anayesa. Linali Lamulungu, titabwera ku tchalitchi, achemwali akumasula tsitsi pakhonde, ine ndikutsuka mbale chapafupi mwadala.

"Ndiwo zimene amayi akundiphikira masiku ano zija," anayamba alamu.

"Ee, andiuza," anatero achemwali. "Mwawasangalatsa zedi, mwamva? Akuuza mudzi wonse kuti mkamwini wawo si wonyada ngati ena a m'tauni. Dzulo anakutamandani ku msonkhano wa amayi a mvano."

"Anditamanda?"

"Kwambiri. Mumati chiyani za ndiwozo?"

Alamu anakanda m'mutu. "Ndimati n'zabwino."

Ndinatsuka mbale imodzi kawiri kuti ndisaseke.

Pofika pakati pa dzinja lamba uja anabwerera pa bowo lake lakale, kenako n'kupitirira. Amayi anazindikira, chifukwa ngakhale nkhope sankaiyang'ana, msana ankauona.

"Thalauza la akamwini likulendewera. Kawafunse ngati akudwala."

Ndinapita. Alamu anati ali bwino, kungoti m'kamwa mwawo mumakhala mowawa tsiku lonse, ngakhale tiyi sakumumva kukoma. Ndinabwerera.

"Akuti m'mimba mukupotokola, mphuno zatseka, thupi likuphwanya. Ndawauza za kuchipatala, akuti malungo ayezetsa alibe. Akuti mapiritsi safuna, akufuna za makolo."

Amayi sanachedwe. Anathyola masamba a nimu pa mtengo wa kuseri kwa bafa n'kuwawiritsa mpaka madzi anachita bii. Luni ndi mwana pamaso pa nimu. Ndinapereka kapu ndi manja awiri.

"Amayi akuti aona kuti mwaonda, ndiye sanagone. Akuti mumwe yonse, ali kuseri kwa mpanda akumvetsera."

Analidi kuseri kwa mpanda, akusankha mpunga. Alamu anamva kukhosomola kwawo, n'kutseka maso, n'kugugudiza. Atatsitsa kapu anangokweza chala chachikulu kuloza kumpanda.

Mawa lake kunali kufukiza. Amayi anawiritsa chanzi, masamba a bulugamu ndi a mandimu mumphika waukulu, ine n'kuunyamula kukauika pakati pa chipinda. Alamu anavula malaya, anagwada, ndinawafunditsa bulangete pamodzi ndi mphikawo. Kuti nthunzi isathawe pamafunika wina wopanikiza m'mbali, ndiye ndinakhalira ngodya imodzi, mapazi n'kuponda ina. Mmene ndinakhaliramo ndinayang'ana chipinda changa. Mapu anga anali atang'ambika pakona, pa tebulo langa pali mawaya ndi mabatire otupa, pa msomali wa yunifomu yanga pali jekete lachikopa.

"Mlamu, kwatentha," anatero mawu a m'bulangete.

"Ndiye kuti akugwira ntchito."

"Nditulukeko pang'ono."

"Amayi akuti mpaka thukuta lifike ku zala za kumapazi."

Panthawi yomweyo kunabwera mayi wina wogulitsa mandasi kudzatenga foni yake. Anasuzumira pakhomo n'kuona phiri la bulangete likugwedezeka, ine nditakhala pambali.

"Amisiri alipo?"

"Alipo, koma tawatsegula kumbuyo, tikuwakonza. Mubwere mawa."

Zinayamba kuoneka ngati zikutheka. Alamu anayamba kusowa masana, ati akukagula zipangizo ku boma. Mnzanga wina anandiuza kuti amawaona pa chiwaya cha tchipisi pa siteji, akudya chotembenukira kukhoma. Sizinawathandize, chifukwa amayi ankavundikira mbale yawo bwinobwino, ndipo akabwera ankamupeza luni uja atazizira, akuwadikira. Ndinaona kuti nthawi yakwana yoponya mawu enieni.

"Alamu, mukudziwa kuti mkamwini akakhala ndi nyumba yakeyake, apongozi samuphikiranso? Amadya za mkazi wake basi."

"Zoona?"

"Ndi mwambo."

Umenewu unali mwambo weniweni, sindinaupeke. Madzulo ake ndinawaona akuyenda pa malo amene anapatsidwa kuti amangepo, akuyeza ndi mapazi, akukhoma tizikhomo. Anafunsanso kwa aneba za chikombole choumbira njerwa. Mtima wanga unavina. Koma ulesi wa alamu unali ndi mizu. Tizikhomo tija mbuzi zinazula, chikombole osabwera. Ndinawamva akuuza mnzawo kuti zamasamba n'za dzinja, mvula ikangosiya tchire liuma, nsomba zibwerera m'mbale. Munthu anali ataganiza zongopirira.

Chimene chinathyola zonse si ine. Anali amayi, ndi mtima wawo wabwino.

Mvula itayamba kutha, masamba akukhwima, amayi anada nkhawa kuti mkamwini wawo adzadya chiyani m'chilimwe. Osandiuza n'komwe, anaitana anzawo awiri, n'kupita kutali, kumidzi ya kwawo, n'kubwera ndi matumba odzaza luni pa njinga za kabaza. Anawiritsa pang'ono m'mphika wa pa maliro, n'kuyanika kuti apange mfutso, ndiwo zouma zosunga chaka chonse. Mphasa sizinakwane. Anabwereka thandala loyanikapo usipa, lalitali kuchokera pa khitchini mpaka pa mpanda, ndipo lonse linachita bii ndi luni.

Ndikuchokera kusukulu ndinawapeza alamu ataima patsogolo pa thandalalo, manja ali m'chiuno.

"Mlamu, ichi n'chiyani?"

Ndikanakhala wanzeru ndikanati n'zogulitsa. Koma chinthu chikakoma chimavuta kuchisiya.

"Ndi zanu. Amayi akuti musadandaule, luni wanu sakutha mpaka mvula ina."

Anayenda m'mbali mwa thandala kuchokera kumutu mpaka kumchira, pang'onopang'ono, ngati munthu woona nkhope pa maliro. Kenako analowa m'nyumba, n'kuvala jekete lachikopa lija dzuwa likuswa mtengo, n'kutuluka pa geti.

Anabwera patapita nthawi atakumbatira tambala wamkulu wofiira. Amayi anali mkati mwa mpanda wa bango akutembenuza mfutso wina pamphasa. Alamu anafika kunja kwa mpandawo, n'kugwada mumchenga, tambala ali kukhwapa. Ndinathamanga kukaima pakati, pa malo anga a ntchito.

"Alamu, mukufuna ndikanene chiyani?"

Sanandiyang'ane. Anakweza mawu.

"Amayi, pepani. Ndikudziwa kuti ndikulakwira mwambo. Nkhuku iyi ndi yopepesera pakamwa panga. Ndilankhule nanu ndekha."



"Amayi, alamu akuti nkhukuyi ndi yothokoza chifukwa cha mfutso," ndinatero msanga.

"Makutu ndili nawo, iwe," anatero amayi. "Khala chete. Lankhulani, bambo."

"Amayi, mwandikonda kwambiri. Palibe mkamwini anakondedwapo chonchi. Koma ngati n'kotheka, mundibwezere ku ulendo. Ndikhalenso mlendo, ndizidya nsomba."

"Mlendo? Mukuti chiyani kodi?"

"Paja mlendo ndi amene amapatsidwa nsomba. Luni ndi wa mkamwini wolowa mumtima."

"Anakuuzani ndani zimenezo?"

Tambala analira kukhwapa. Ine ndinayamba kuyeza mtunda wa pakati pa ine ndi geti.

"Si inu munatuma mwanayu kuti nsomba zakukolani?" anafunsa amayi. "Kuti agogo anu ankakuphikirani luni?"

"Agogo anga anamwalira ndisanabadwe."

"Madzi oyamba osataya?"

"Amatayidwa kodi?"

"Nsinjiro zimakutupitsani m'mimba?"

"Amayi, nsinjiro ndimachita kunyambita."

Ndinamva mphasa ikukwinyika, amayi akudzuka. Anatulukira pa khomo la mpanda, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni achemwali, mpongozi ndi mkamwini anayang'anana m'maso. Amayi anaona masaya olowa. Alamu anaona mawondo otupa, omangidwa nsanza. Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine.

"Ndani wafa?" ndinafunsa. "Onani khungu lawo mmene lasalalira."

Amayi anatola chipande chimene ankatembenuzira masamba. Ndinazungulira thandala, iwo mbali iyo, ine mbali ino.

"Ndayenda mpaka kwathu ndi mawondo awa. Ndadzitama pamaso pa azimayi a mvano. Chifukwa chiyani, mwana iwe?"

"Chipinda changa. Abambo anamangira ine. Ankhoswe anati kwa kanthawi, onani mvula yatha, njerwa ili kuti? Ine ndikununkha usipa mpaka aphunzitsi amatsegula mawindo."

Ndinkayembekezera chipande pamsana. Koma amayi anaima. Anayang'ana kanyumba kaja, n'kuyang'ana pabwalo lopanda kanthu pomwe mbuzi zinazula zikhomo. Anatsitsa chipande pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa alamu amene anali chigwadire.

"Nkhukuyo ndalandira, bambo. Kuyambira lero tizilankhulana."

"Zikomo, amayi."

"Ndipo poti pakamwa patseguka, pali mawu amene ndakhala nawo pakhosi kuyambira chilimwe chatha, osatha kutuma mwana. Nyumba ija munalonjeza pamaso pa ankhoswe, mumanga liti?"

Apa ndi pamene alamu anazindikira chimene anagula ndi tambala wawo. Mwambo umene ankauona ngati chingwe ndi umene unkawatchinjiriza. Masiku onse aja amayi ankangoyang'ana msana wawo n'kumeza mawu. Tsopano mawu anamasulidwa, ndipo amayi anga akayamba kulankhula sapuma. M'mawa uliwonse, alamu asanasukusule, amayi ankaima pa zenera.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Dothi lija lafewa, ndathirapo madzi."

Masana: "Nsomba yanu nayi. Chikombole ndakubwerekerani, chili pakhomo."

Madzulo: "Anzanu aumba mizere itatu lero. Inu foni yake ndi imodzi yomweyo kuyambira m'mawa?"

Alamu anayesa kubwerera ku zakale, kudumphira patchire akawaona, koma amayi ankawatsata komweko n'kupitiriza nkhani. Pasanathe sabata nsapato zosongoka zinavulidwa, munthu ali m'dzenje mpaka m'mawondo akuponda dothi.

Ine chilango changa chinali pawiri. Madzi onse oumbira njerwa ndinatunga ndine, ndowa pamutu kuchokera ku mjigo, ndikaweruka kusukulu ndi Loweruka lomwe. Ndipo mfutso uja amayi anati sungatayidwe, ndiudya ndekha mpaka utha, ena akudya nsomba. Achemwali atamva nkhani yonse anandikoka khutu, koma uku akuseka, ndipo usiku wake anandipatsira nsinjiro m'kapepala. Luni wotendera, wophika ndekha, madzi oyamba nditataya, si chilango chimene munthu angalire nacho. Ndinkangokwinya nkhope amayi akamadutsa.

Pa dzenje paja ine ndi alamu tinkagwira ntchito moyang'anizana, iwo matope mpaka m'makutu.

"Mkazi wanga wamng'ono, ukwati wathu watha. Ndakusudzula."

"Mwachedwa, alamu. Ine ndinakusudzulani tsiku munang'amba mapu anga."

"Nimu uja unali wa chiyani? Luni sanakukwane?"

"Munkaoneka wofooka. Thirani dothi m'chikombolemo, likuuma."

"Udzakwatiwa iwe. Mwamuna wakoyo ndidzamuchenjeza ndisanamupatse moni."

"Mudzamuuzenso kuti abwere ndi njerwa zake."

Anawotcha uvuni mphepo ya mwera ikuwomba, ndipo nyumba inakwera msanga kuposa mmene aliyense ankaganizira, chifukwa amayi ankakhala pa mpando pafupi ndi amisiri akuwerengera mizere mokweza. Alamu anasamuka pulasitala asanaume.

Tsiku lomwelo ndinakoka mphasa yanga kuichotsa pakati pa matumba a usipa. Yunifomu ndinaichapa ndi masamba a mandimu n'kuiyanika padzuwa tsiku lonse. Posesa m'kanyumba kanga ndinapeza kunsi kwa bedi mulu wa mapepala amafuta a tchipisi, zitini za nyama zobisidwa m'bokosi la mabatire, ndi mphika wa maluwa wa achemwali umene duwa lake linafa, dothi lake lili lobiriwira ndi therere louma. Ndinazikweza zonse pa lichero n'kukazitula pakhomo la nyumba yatsopano, amayi akuona.

Alamu anatuluka, n'kuyang'ana licherolo, n'kuyang'ana amayi.

"Kiyi," ndinatero, dzanja nditatambasula.

Anamufunafuna m'thumba la jekete n'kundiponyera. Ndinalowa m'chipinda changa, n'kutseka chitseko, ndipo mwana woyamba amene anabwera kudzasuzumira ndinamubweza kuti akayambe wagogoda.